Katemera wa nkhuku za mazira: aperekedwe liti kuti zisadzasiye kuikira pakati?

aNachisale, Mponela

Moni nonse a muno. Ndaitanitsa anapiye 500 a nkhuku za mazira, a mtundu wa Hy-Line Brown, ndipo akuti adzaswedwa pa 1 Julayi. Khola ndi la pansi, la utuchi, madzi ndi a pampopi, ndipo nkhuku zachikuda za anansi zimayendayenda kuseri kwa mpanda. Chandizunguza mutu ndi mapepala a katemera. Ndili nawo atatu ndipo sakugwirizana. Lina likuti Gumboro pa tsiku la 10, lina la 14, lina la 18. Lina latchula jakisoni wa pa masabata 16, pamene lina silinamutchule n'komwe, langoti chitopa miyezi itatu iliyonse basi. Ndithandizeni: ndi katemera uti amene sindingamudumphe, aperekedwe liti, nanga n'zoona kuti nkhuku zimene zayamba kale kuikira zikalandira katemera mazira amatsika? Ndikufuna ndimvetse chifukwa chake, osati kungouzidwa kuti tsatirani pepala.

aMbewe, mlangizi wa ziweto

ANachisale, mapepala atatuwo angathe kukhala olondola onse, lililonse pa nkhuku zake. Kuti musasokonezeke, yambirani kuwerenga pa dzira loyamba n'kumabwerera m'mbuyo. Hy-Line Brown imayamba kuikira pa masabata 18 mpaka 20, ndiye kwa anapiye a pa 1 Julayi dzira loyamba lidzagwa mu Novembala, dzuwa lili phwee, nyengo yomwe chitopa chimasesa nkhuku m'midzi. Majakisoni onse akhale atatha pofika masabata 16, cha pa 21 Okutobala, chifukwa thupi limafuna masabata atatu kapena anayi kuti limange chitetezo. Masiku muziwerenga kuyambira tsiku loswedwa, osati tsiku limene anapiye afika pakhomo panu.

Tsiku loyamba ntchito si yanu, ndi ya kumene anapiye aswedwera. Katemera wa Marek amabayidwa pansi pa khungu la pakhosi mwanapiye atangoswedwa, ndipo mtundu wake wamphamvu umasungidwa mu nayitirojeni wamadzi, kotero simungaugule m'sitolo n'kukabaya nokha. Funsani musanalipire, ndipo akulembereni. Matenda a Marek ndi achinyengo. Kachilombo kamalowa ndi fumbi la nthenga mwanapiye akadali wamng'ono, koma kamadzaonekera pa masabata 12 mpaka 24, mutamwaza kale chakudya cha miyezi inayi. Msoti umapuwala, mwendo wina kutsogolo wina kumbuyo, umaonda, ndipo mukautumbula mumapeza zotupa pachiwindi. Mankhwala ake palibe. Katemerayo amafuna sabata imodzi kapena awiri kuti agwire, ndiye anapiye asafikire m'khola lomwe muli fumbi la nkhuku zakale.

Oswetsa anapiye ambiri amapoperanso wa chitopa ndi wa IB (infectious bronchitis, matenda a chifuwa cha nkhuku) tsiku lomwelo. Ngati anapopera, bwerezani pa tsiku la 12. Ngati sanapopere, musapitirire tsiku la 7. Pamsinkhu umenewu mufunika wa chitopa wofatsa, Hitchner B1 kapena Clone 30, wosakanizidwa kale ndi IB, wodontheza m'diso. LaSota ndi waukali pang'ono, amayenera nkhuku zimene zalawa kale wofatsayo. Musapereke wa IB lero wa chitopa mkuja: tizilombo tiwiri tonseti timamera malo amodzi, m'mphuno ndi pakhosi, ndipo ka IB kamapondereza kanzake. Gulani wa botolo limodzi, apo ayi muwasiyanitse ndi masabata awiri.

IB anthu amaipeputsa chifukwa anapiye amangoyetsemula, kukhosomola, kenako n'kuchira, mlimi n'kuiwala. Koma kachilomboko kakagwira anapiye osakwana masabata atatu kamawononga njira ya mazira isanakule. Msoti wotero umakula bwinobwino, lipombo lili psuu, umalowa m'chisa n'kumatetera ngati anzake, koma dzira osaoneka. Ina mimba imadzaza madzi mpaka kumayenda chowongoka. Khola lotero limakakamira m'munsi pamene likanayenera kupitirira 90 peresenti ya mathadzi oikira patsiku, ndipo palibe chakudya kapena mavitamini amene angabweze njira ya mazira imene inafa kale.

Tsopano Gumboro, pamene mapepala anu akusiyanirana. Mwanapiye amaswedwa ali ndi chitetezo chochokera kwa make kudzera m'dzira. Chitetezocho sichisankha: chimapha kachilombo ka matenda, chimaphanso ka katemera. Mukafulumira, katemera amafera m'njira. Mukachedwa, matenda amakutsogolerani. Mwa nkhuku za nyama, chitetezo cha make chimatsika ndi theka pa masiku atatu aliwonse chifukwa zimakula mothamanga, koma mwa za mazira chimatenga masiku asanu kapena asanu ndi limodzi. Ndiye pepala la tsiku la 10 lija liyenera kuti linalembedwera nkhuku za nyama, kapena katemera waukali. Kwa zanuzi, ngati makolo ake anatemeredwa bwino, katemera wa mphamvu yapakati monga D78 aperekedwe m'madzi pa tsiku la 18 ndi la 25. Ngati za makolo ake sizikudziwika, pitani katatu: la 14, la 21 ndi la 28. Timabwereza chifukwa anapiye a m'bokosi limodzi sakhala ndi chitetezo chofanana. Ulendo woyamba umagwira amene chawo chatha msanga, wachiwiri umagwira otsalawo. Waukali monga 228E musiyireni khola limene Gumboro anagwamo kale, ndipo mufunse kaye alangizi a kwanuko.

Gumboro amene amaoneka ndi maso amabwera pa masabata 3 mpaka 6: anapiye kuzyolika, nthenga nyankhalala, zitosi zoyera zamadzi, kudzijompha kumbuyo, imfa kukwera n'kutsika m'sabata imodzi. Za mazira zimafa kwambiri kuposa za nyama. Koma woipitsitsa ndi wosaonekayo. Kachilomboka kamadya kachiwalo kakang'ono kamene kali pamwamba pa kotulukira zitosi, kumene asilikali a m'thupi amakulira. Kakalowa anapiye asanakwane masabata atatu, mwina sipafa ndi mmodzi yemwe, koma katemera aliyense wobwera pambuyo pake sagwira mokwanira. Madandaulo ambiri akuti chitopa chapha nkhuku zotemera gwero lake limakhala pamenepa. Kachilomboka kamathanso kukhala miyezi inayi m'khola lopanda nkhuku, ndiye utuchi wakale utuluke wonse.

Pakatha masiku asanu kuchokera pa Gumboro womaliza, perekani LaSota wa IB yemwe, ndipo mudzabwereze pa masabata 10.

Pa masabata 8 ndi nthomba. Viikani singano ya nsonga ziwiri ija m'katemera n'kuboola kachikopa kopyapyala ka pakati pa phiko, kupewa mitsempha, nyama ndi nthenga. Pakatha masiku 7 mpaka 10 gwirani nkhuku 50 muone: pamene munabaya payenera kukhala kachotupa kapena kankhanambo. Zopitirira zisanu zikapezeka zopanda kanthu, bwerezani khola lonse. Uyu musamudumphe, chifukwa nkhuku zanu zidzafika pachimake poikira mu Disembala ndi Januwale, udzudzu wofalitsa nthomba uli ponseponse, ndipo katemerayu saperekedwa kwa nkhuku zimene zayamba kuikira. Wa coryza, matenda otupitsa nkhope aja a mamina onunkha, ndi jakisoni wa 0.5 ml pa masabata 8 ndi 12. Pamalo atsopano, a gulu limodzi la nkhuku, ena amamusiya. Koma poti zachikuda zili kuseri kwa mpanda, ine ndikanati mubaye, chifukwa nkhuku yochira coryza imakhala nako kachilomboko moyo wake wonse.

Womaliza ndi jakisoni wa mafuta wa pa masabata 16, wa chitopa, IB ndi EDS (matenda otsitsa mazira) m'botolo limodzi, 0.5 ml pa nkhuku. Pepala limene silinamutchule liikeni pambali. Ameneyu ndi amene amasunga mazira chaka chonse choikira, koma amagwira bwino pokhapokha akatemera amoyo aja, a m'diso ndi a m'madzi, atatsegula njira.

aNkhoma

AMbewe ayala bwino masiku. Ine ndigwire pa kaperekedwe, chifukwa katemera wambiri amafa asanafike pakamwa pa nkhuku, pepala lili chochongedwa kuti zonse zinatheka.

Wa chitopa, IB, Gumboro ndi nthomba ndi tizilombo tamoyo tofooketsedwa. Kutentha, dzuwa, klorini ndi sopo zimatipha. Pogula, onetsetsani kuti akutuluka m'furiji yoyaka, ya madigiri 2 mpaka 8, ndipo muwerenge tsiku lotha mphamvu. M'kabotolo kabwino mumakhala kanthu kouma, kolimba ngati piritsi. Kakaoneka konyata, kophwa kapena kosintha mtundu, kasiyeni ngakhale atatsitsa mtengo. Nyamulani m'fulasiki kapena m'bokosi lozizira muli ayezi, osati m'thumba la malaya pa kabaza. Kunyumba ikani pashelefu ya pakati, osati pachitseko cha furiji, ndipo muzikhala ndi mabotolo a madzi oundana podikira magetsi akazima. Chanzeru n'kugula dzulo lake, osati kuunjika wa miyezi inayi nthawi imodzi.

Madzi a pampopi mwatchulawo ali ndi klorini, ndipo klorini wochepa chabe amakwanira kupha botolo lonse. Tungani a pamjigo ngati alipo pafupi. Ngati palibe, a pampopiwo akhale m'ndowa za pulasitiki zosavundikira tsiku lathunthu. WaterGuard ndi mankhwala ena onse a m'madzi muimitse masiku awiri m'mbuyo, mudzayambirenso tsiku lotsatira katemera. Thirani mkaka wa ufa wopanda mafuta, magalamu 2 pa lita, kumene kuli ngati supuni yaing'ono imodzi, takasani, dikirani mphindi 20, kenako katemera. Mkakawo umamanga klorini wotsala n'kuteteza tizilombo tija. Wokhala ndi mafuta si wabwino chifukwa mafutawo amayandama n'kutengera katemera pamwamba, zoyamba kumwa n'kumaliza. Zomwera zitsukidwe ndi madzi okha, popanda sopo, ndipo ndowa zachitsulo zikhale kutali.

Kuchuluka kwa madzi: pa anapiye 1,000, lita imodzi pa tsiku lililonse la msinkhu wawo. Ndiye kwa 500 anuwo, pa tsiku la 18 ndi malita 9, pa la 25 ndi 12 ndi theka, pa la 30 ndi 15. Zikakula, malita 20 mpaka 25 amakwana. Cholinga n'chakuti madziwo athe pakati pa ola limodzi ndi maola awiri. Akatha m'mphindi 20, ndiye kuti zamphamvu zamwa gawo la zinzawo. Akadutsa maola awiri, zomalizazo zamwa madzi chabe. Yesererani dzulo lake ndi madzi wamba, pa nthawi yomweyo, muone kuti zimwa angati.

Zichotsereni madzi kuti zimve ludzu: maola awiri mu Julayi ndi Ogasiti, koma mu Okutobala ola limodzi lokha, ndipo kukhale kum'mawa dzuwa lisanakwere. Chakudya musachotse, nkhuku imamwa ikadya. Kabotolo katseguleni kali m'kati mwa madzi, chifukwa m'katimo mulibe mpweya ndipo mukakatsegulira pamtunda kamakoka mpweya mwamphamvu. Sungunulani kaye mu lita imodzi, tsukuluzani kabotoloko kawiri, kenako thirani m'madzi onse aja. Onjezani zomwera kuti pasakhale kulimbirana, muziike pamthunzi, ndipo muziyenda m'kholamo kudzutsa zogona m'makona. Pali mapiritsi a buluu amene ena amagulitsa pamodzi ndi katemera. Amathetsa klorini komanso amadaya lilime, ndiye mukagwira nkhuku 20 n'kupeza 18 malilime ali buluu, mwakhoza.

Wa m'diso ndi wotopetsa koma ndi amene sanama, chifukwa nkhuku iliyonse imadutsa m'manja. Botolo la 1,000 limasungunulidwa ndi madzi ake a 30 ml, dontho limodzi pa nkhuku. Kodonthezera kaimirire chowongoka, kasakhudze diso, ndipo musamutaye mwanapiye mpaka ataphethira n'kumeza. Akapukusa mutu dontho n'kugwa, bwerezani. Dulani khola pakati ndi katoni kapena lata kuti otemera asasakanikirane ndi osatemera. Dzanja limatenthetsa botolo, ndiye gawani m'todonthezera tiwiri, kena kazidikira pa ayezi.

Ena amapopera ndi sipuleya ya kumsana. Ikhale yogulira ntchito imeneyi yokha. Yomwe inapoperapo tomato kapena thonje, ngakhale mutaitsuka kangati, ayi.

Ndiponso katemera si mankhwala. Khola limene mukumveka kukhosomola kapena muli zitosi za magazi lichire kaye. Kudula milomo ndi katemera zisagwe tsiku limodzi.

aNachisale, Mponela

Zikomo kwambiri aMbewe ndi aNkhoma, mwanditsegula maso. Za Gumboro ndamva tsopano. Komabe m'sitolo kuno mabotolo ambiri ndi a nkhuku 1,000, ine zanga ndi 500, ndiye theka linalo ndingasunge? Nanga I-2 amene alangizi amadontheza m'midzi muno sangakwanire m'malo mwa onsewa? Komanso funso langa la nkhuku zoikira kale lija likadali pomwepo.

aNabanda

Kusunga ayi, achemwali. Akangosungunuka, moyo wake ndi maola awiri. Wa m'madzi thirani botolo lonse kwa 500 zanuzo, kuwirikiza kawiri sikuvulaza nkhuku, pamene kupereka wochepa n'kumene kumapweteketsa. Wa m'diso sungunulani ndi madzi ake onse, dontho likhale limodzi, wotsalayo muwiritse kapena mutenthe pamodzi ndi kabotolo, osataya kudzala kumene zachikuda zimapalasa. Wa mafuta muyezo susintha, ndi 0.5 ml basi, ndipo botolo lotsegula lithe tsiku lomwelo.

Za nkhuku zoikira, tiyeni tiwerengere limodzi. Mathadzi 500 ali pa 90 peresenti ndi mazira 450, mathireyi 15 patsiku. Matenda akatsitsa kufika pa 60 peresenti, mwatsala ndi mazira 300, mathireyi 10. Mathireyi asanu patsiku kwa masabata 6 ndi mathireyi 210 opita, pamene nkhukuzo zikudyabe magalamu 115 iliyonse, makilogalamu 57 ndi theka patsiku, kuposa thumba lathunthu. Kutsika kotere si kongopeka, EDS yokha imatha kudula mazira mpaka ndi 40 peresenti kwa masabata 4 mpaka 10, nkhuku zikuoneka zathanzi. Katemera wa chitopa wobwereza, kwa nkhuku zimene zinatemeredwa bwino zili misoti, nthawi zambiri simuona kusintha kulikonse, ndipo zikavuta mazira amatsika pang'ono masiku ochepa n'kubwerera. Amene amadandaula kuti katemera anatsitsa mazira, mukafufuza mumapeza chimodzi mwa izi: anazimana madzi nthawi yaitali kukutentha, anadumpha miyezi yambiri kenako n'kubwera ndi LaSota kwa nkhuku zimene chitetezo chinatha, kapena m'kholamo munali kale chifuwa chosatha chija cha CRD, katemera n'kungochidzutsa.

Bwanji kubwereza pamene jakisoni wa mafuta anabayidwa? Chifukwa jakisoniyo amadzaza chitetezo m'magazi, chimene chimateteza moyo ndi njira ya mazira, koma pakhomo polowera kachilombo, m'mphuno, m'maso ndi pakhosi, pamalondedwa ndi katemera wamoyo, ndipo mlonda ameneyu sachedwa kutopa. Miyezi itatu ya pa pepala lanu ndi ya malo a phee. Kumene zachikuda zili pafupi, ndiponso kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, bwerezani masabata 8 aliwonse. Konzani kuti umodzi ugwe mazira asanafike pachimake, cha pa masabata 22, kuti pa 26 mpaka 30 musazisokoneze.

I-2 ndi katemera wabwino. Amapangidwa konkuno, ku Central Veterinary Laboratory ku Bwemba mu Lilongwe, ndipo mbewu yake inachokera ku University of Queensland ku Australia. Ubwino wake ndi woti amapirira kutentha kuposa enawa: atakulungidwa m'nsalu yonyowa n'kuikidwa m'dengu pamthunzi amatha masiku angapo kunja kwa furiji. N'chifukwa chake ndi amene amayenda m'midzi, dontho limodzi m'diso miyezi inayi iliyonse, mu Malichi, Julayi ndi Novembala. Koma ndi wa chitopa chokha. Gumboro, IB, nthomba, Marek ndi EDS sazidziwa. Kwa nkhuku zanu angalowe m'malo mwa LaSota wobwereza, makamaka poti ndi wofatsa ndipo sakhosomoletsa. Koma kumene angakupindulireni koposa ndi kuseri kwa mpanda kuja. Gwirizanani ndi anansi kuti zachikuda zawo zizitemeredwa, ngakhale botolo mutagula ndinu. Mtengo wake sungafanane ndi mathireyi 210.

aNkhoma

Pa I-2 ndikuvomera theka, aNabanda. Kwa anansi, inde. Koma kugwira mathadzi 500 oikira limodzilimodzi kuti mudontheze m'diso kuli ndi mtengo wake. Thadzi lothamangitsidwa m'mawa, dzira lili m'njira, limaikira losweka kapena lopanda chigoba, mwinanso dzira kuswekera m'mimba. Ngati mwasankha m'diso, chitani madzulo zitatha kuikira, kuli kachisisira, muzitola zili pansi osati kuthamangitsana nazo. Kupanda apo, Clone 30 m'madzi ndi wokwana. Ndiponso wa IB wamoyo, ngati mwaganiza zomupitiriza nthawi yoikira, akhale mtundu womwewo umene zinalandira zili misoti ndipo musamadumphitse. Kubweretsa mtundu wachilendo pakati pa kuikira kumatha kuwononga zigoba.

aMbewe, mlangizi wa ziweto

Onse awiri mwanena zoona, aNachisale asankha malinga ndi manja amene ali nawo. Nditsirize za jakisoni wa pa masabata 16, chifukwa pamalakwika zambiri. Wa mafuta asaundane. Akaundana, mafuta ndi madzi zimalekana ndipo sabwereranso, mukaona botolo lili ndi magawo awiri osasakanikirana ngakhale mutakhutchumula, ndi lotayika. Mutulutseni m'furiji usiku wake kuti afike pa madigiri 20 mpaka 25, chifukwa wozizira amakhala wolimba, amavuta kutuluka m'singano ndipo amatupitsa pobayapo. Khutchumulani musanayambe ndiponso pakatikati. Bayani pachidali pamene pali mnofu wochindikala, chala chimodzi kapena ziwiri kuchokera pa fupa la pakati, singano yaifupi itapendekeka kulozera kumutu. Mukaimika chowongoka n'kuzamitsa, mumaboola chiwindi ndipo nkhuku imafera m'manja. Singano ikabuntha kapena kupindika, sinthani. Wobaya akadzilasa chala, asadikire kuti aone mawa, apite kuchipatala tsiku lomwelo atatenga botololo, chifukwa mafuta amenewa amatupitsa koopsa mpaka chala kuwonongeka.

Sabata imodzi jakisoniyu asanabayidwe, perekani mankhwala a njoka za m'mimba, piperazine kapena levamisole, ndipo muike nkhuku 50 pasikelo. Pa masabata 17, Hy-Line Brown iyenera kukhala cha pa makilogalamu 1.4, ndipo zambiri zisatalikirane ndi muyezo umenewu. Msoti wopepuka suyankha bwino katemera, umachedwa kuikira ndipo mazira ake amakhala aang'ono. Chinanso chimene chimafooketsa chitetezo mwakachetechete ndi chuku. Madeya onyowa, chimanga chowola chimene anthu achikana, mtedza wotayidwa posankha wotsika mtengo, zonsezi zikalowa m'chakudya, katemera amakhala ngati sanaperekedwe. Nunkhizani thumba lililonse, ndipo matumba akhale pa mapulanga, osatsamira khoma.

Mazira akadzatsika, musathamangire kugula mankhwala, yambani mwayang'ana dziralo. Chigoba chamakwinya kapena chopindika, choyera cha m'kati chili chamadzimadzi choyenderera m'mbale, nkhuku zikuliza pakhosi usiku, ganizirani IB. Mazira otuwa, ofewa kapena opanda chigoba, choyera chake chili bwino, nkhuku zikudya mwansangala, ganizirani EDS, makamaka ngati pali abakha pafupi kapena madzi akuchokera kudambo kumene abakha amasambira. Zitosi zobiriwira, kupuma movutika, makosi kupotoka ndi imfa, chimenecho ndi chitopa. Koma zigoba zopyapyala zokha mu Okutobala ndi Novembala kawirikawiri ndi kutentha kapena kuchepa kwa laimu m'chakudya, poti thadzi loikira limafuna magalamu 4 a kashiamu patsiku. Kuwala kukachepera maola 16, kapena madzi akasowa theka la tsiku, mazira amatsikanso popanda kachilombo kalikonse.

Mathireyi a mapepala obwerera kuchokera kumsika asalowe m'khola, ndipo ogula nkhuku zotha kuikira aimire kunja kwa mpanda ndi njinga zawo, chifukwa madengu awo amakhala atadutsa m'makola ambiri tsiku lomwelo.

Khomani pepala pachitseko cha khola, muzilembapo tsiku, dzina la katemera, nambala ya botolo, tsiku lotha mphamvu, njira imene munaperekera ndi mazira a tsiku lililonse. Ngati mungakwanitse, pakatha masabata anayi kuchokera pa jakisoni wa mafuta, alangizi atenge magazi a nkhuku 20 akayezedwe kuti mudziwe ngati chitetezo cha chitopa chakwera. Nkhuku zikayamba kufa zambiri mwadzidzidzi, dziwitsani a zaziweto tsiku lomwelo, chifukwa chitopa ndi chimfine cha mbalame sizisiyanitsika ndi maso. Zopita kokayezedwa zikhale zitatu kapena zisanu, zodwala zamoyo kapena zongofa kumene, zokulungidwa m'mapulasitiki awiri ndi kuikidwa pa ayezi koma osaziumitsa, ndipo pepala la pachitseko lija lipite nawo.